Nyumba za mu Komboni: Mbiri ya George, Kalingalinga ndi Makomboni Ena a mu Lusaka

Mzinda usanabwere

Kale pamalo pamene pali Lusaka lero panali midzi ya Asoli ndi Alenje. Mfumu ya mudzi wina inali Lusaaka. Mu 1905 njanji yochokera ku Livingstone inafika, ndipo panamangidwa kasiteshoni. Azungu anatenga malo ozungulira n'kutsegula mafamu. Mu 1935 boma la atsamunda linasamutsa likulu kuchoka ku Livingstone kubwera ku Lusaka.

Mzindawu anaukonzera Azungu. Munthu wakuda ankayenda ndi chitupa. Ankaloledwa kubwera kudzagwira ntchito, koma osati kudzakhazikika. Nyumba inali ya bwana. Ntchito ikatha, nayonso nyumba yatha.

Chiyambi cha makomboni

Komabe anthu ankabwerabe. Ankachokera ku Chipata, ku Petauke, ku Katete, ku Nyasaland ndi madera ena ambiri. Mzinda unkafuna manja oumba njerwa, ophwanya miyala ndi ophika m'nyumba za Azungu. Anthu onsewa ankafuna pogona.

Eni mafamu ndi makontirakita ankalola antchito awo kumanga tinyumba pamalo awo. Ena anaona kuti pali phindu, nayamba kulipiritsa aliyense wofuna kumanga. N'chifukwa chake makomboni ena ali ndi mayina a eni malo ndi makampani akale, monga John Laing ndi John Howard. George anatenga dzina kwa George Hadjipetrou, amene anali ndi ntchito youmba njerwa kumadzulo kwa mzinda. Chawama kale ankatchedwa Roberts.

Mu 1948 lamulo linalola kuti antchito azikhala m'tauni ndi mabanja awo. Khonsolo inamanga nyumba za lendi ku Chilenje ndi ku Matero. Zinali zochepa, ndipo ankazipeza ndi okhawo olembedwa ntchito. Wogulitsa makala, mmisiri wodziimira payekha ndi mayi wofulula mowa analibe gawo.

Ufulu utabwera

Pa 24 Okutobala 1964 Zambia inalandira ufulu. Chitupa chinatha. Anthu anakhamukira ku Lusaka, ndipo makomboni anakula mofulumira.

Amene anamanga George sanali boma kapena kampani. Anali makolo athu. Bambo ankakumba dothi pambali pa poloti n'kuumba zidina. Mayi ndi ana ankatunga madzi opondera matope. Denga linali la migolo yophwanyidwa kapena malata akale, pamwamba n'kusanjapo miyala kuti mphepo isalisasule. Ankayamba ndi chipinda chimodzi. Ndalama ikapezeka, ankawonjezera china. Mlendo wochokera kumudzi ankagona pabalaza mpaka nayenso atapeza poloti yake.

Malo ankagawa ndi atcheyamani a chipani cha UNIP. Iwo ankayeza poloti, kusiya mpata wa njira, ndi kuweruza milandu ya malire. Koma pamaso pa lamulo nyumba zonsezi zinali zosaloledwa. Khonsolo sinkabweretsa madzi kapena kumanga sukulu. Nthawi zina inkabwera kudzagwetsa.

Mu 1967 boma linatsegula Mtendere, kumene munthu ankapatsidwa poloti yoyezedwa kuti amange yekha. Cholinga china chinali chakuti anthu a ku Kalingalinga asamukire kumeneko. Ena anapita, koma Kalingalinga sanathe. Anali pafupi ndi ntchito, ndiponso pafupi ndi yunivesite ya Zambia imene inatsegulidwa mu 1966.

Chaka cha 1974

Chaka chimenechi n'chofunika kuchikumbukira. Boma linavomera kuti kugwetsa sikuthandiza. Linakhazikitsa lamulo lolola kuti komboni ivomerezedwe n'kukonzedwa pamene ili pomwepo. Mwini nyumba anayamba kulandira pepala lotchedwa occupancy licence, la zaka 30.

Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inabwereketsa ndalama zokonzera makomboni monga Chawama, George, Garden ndi Chaisa. Chosangalatsa pa ntchitoyi n'chakuti eni komboni ankafunsidwa maganizo. Atsogoleri awo ankayenda pansi ndi akatswiri n'kumagwirizana kumene msewu udutse. Amene nyumba yake yagwera mumsewu ankapatsidwa poloti ina chapafupi. Nyumba 25 zilizonse zinkakhala ndi mpope umodzi. Panalinso ngongole ya simenti ndi malata, ndipo ambiri anagwetsa zidina n'kumanga ndi mabuloko.

Zinthu sizinayende bwino kwa nthawi yaitali. Mu 1975 mtengo wa kopa unagwa, ndipo chuma cha dziko chinalowa pansi. Anthu ambiri sankalipira ndalama imene ankayenera kupereka mwezi ndi mwezi. Mipope ikawonongeka panalibe woikonza. Ku George madzi anadzabwereranso bwino m'zaka za m'ma 1990 ndi thandizo la dziko la Japan. Kalingalinga anakonzedwa m'zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la dziko la Germany.

Mwayi wa anthu a ku Matero

Mu 1996 boma la Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za khonsolo zigulitsidwe kwa amene ankakhalamo. Ku Matero, ku Chilenje ndi ku Kabwata anthu anagula pamtengo wotsika kwambiri. Ena anazisunga, ndipo lero ana awo akudya lendi. Ena anagulitsa msanga, ndalama n'kutha asanapeze pena pokhala.

Madzi a ku Kanyama

Kanyama ali pamalo athyathyathya, pamwamba pa mwala wa laimu. Madzi apansi ali pafupi. Mvula ikagwa yambiri, madzi sapeza kolowera. Mu 1978 kunasefukira madzi amene anagwetsa nyumba zambiri, ndipo mpaka lero dzinja silibwera ndi mtendere kumeneko.

Chimbudzi chokumba chikadzaza, zonyansa zimalowa m'chitsime. Kolera ya 2017 ndi 2018 inavuta kwambiri ku Kanyama ndi ku Chipata komboni. Kumayambiriro kwa 2024 odwala anachuluka mpaka bwalo la mpira la Heroes linasanduka chipatala. Anthu a ku Kanyama si auve. Vuto ndi malo, ngalande ndi zimbudzi zosamangira.

Ngati mukufuna poloti kumeneko, musaione mu Seputembala kokha. Pitaninso mu Febuluwale. Yang'anani m'munsi mwa makoma a nyumba zoyandikana. Mzere wakuda umakuuzani pamene madzi amafika.

Nyumba ngati chuma

Lero anthu ambiri a mu Lusaka, pafupifupi 7 mwa 10 alionse, amakhala m'makomboni. Ambiri mwa iwo ndi a lendi. Choncho mwini nyumba akawonjezera zipinda ziwiri kuseri, wapeza penshoni. Agogo ambiri akulera adzukulu ndi ndalama ya zipinda zimenezi.

Ku Kalingalinga zinthu zasintha kwambiri. Kale anthu ankachita manyazi kunena kuti amakhala kumeneko. Lero mzinda wamuzungulira. Ophunzira a ku yunivesite amafuna zipinda. M'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata muli akalipentala ndi owotcherera zitsulo, ndipo mipando, mabedi ndi mageti zimaima panja kudikira ogula. Pakati pawo payamba kumera nyumba zosanja, maofesi ndi masitolo. Anthu a ndalama amagogoda pakhomo n'kufunsa kuti, "Amama, simugulitsa?"

Mtengo umene amatchula umamveka waukulu. Koma musanavomere, werengani bwino. Poloti yatsopano idzakhala kutali, kunja kwa mzinda. Basi idzadya ndalama tsiku lililonse. Makasitomala a kantemba kanu sadzakutsatirani. Ndalamayo mukagawana ana asanu ndi mmodzi, aliyense atsala ndi zingati? Alipo amene anagulitsa n'kupindula, makamaka amene anayamba apeza pena ndi kumanga asanasaine. Kugulitsa chifukwa cha ngongole ya kaloba kapena maliro ndiko kumaliza mabanja.

Pepala lanu ndi liti?

Ku Zambia nthaka yonse ili m'dzina la Pulezidenti m'malo mwa anthu onse. Munthu amapatsidwa ufulu wokhalapo kwa zaka zowerengeka.

Occupancy licence imachokera ku khonsolo. Ndi ya zaka 30, ndipo zikatha mumakaikonzanso. Pamakhala kandalama ka malo kamene mumalipira. Ngati pepala la makolo anu linatuluka m'zaka za m'ma 1970 kapena 1980, zaka zake zinakwana kale. Litengeni mupite nalo ku khonsolo, ku Civic Centre.

Taito ndi pepala lolimba kuposa pamenepo. Ya ku unduna wa za malo imafika zaka 99, ndipo ndi imene mabanki amaikhulupirira. M'zaka zaposachedwa boma lakhala likuyeza mapoloti m'madera ena a mzinda kuti eni ake alandire mataito. Oyeza akafika kwanu, musatume mwana. Khalanipo nokha, pamodzi ndi oyandikana nawo, muonetse malire.

Kalata yogulitsirana yolembedwa pamanja, ngakhale itasainidwa ndi atcheyamani, si taito. Ndi umboni chabe wakuti ndalama inaperekedwa. Poloti imodzi ikhoza kugulitsidwa kwa anthu atatu. Musanalipire, pitani ndi wogulitsayo ku khonsolo. Onani ngati dzina la papepala likufanana ndi la pa chitupa chake cha NRC. Ngati simutha kuwerenga bwino, tengani munthu wanu wokhulupirika akuwerengereni mokweza. Musadinde chala pa pepala limene simunalimve.

Mwini nyumba akamwalira

Apa ndi pamene misozi imachuluka. Maliro asanathe, achibale ena amayamba kufunsa makiyi ndi mapepala. Amayi amasiye ambiri anatulutsidwa m'nyumba zimene anapondera okha matope.

Lamulo la 1989 limateteza banja ngati womwalira sanasiye wilo. Nyumba imakhala ya mkazi kapena mwamuna wotsalayo pamodzi ndi ana. Wotsalayo ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse, pokhapokha atakwatiwanso kapena kukwatiranso. Katundu wina amagawidwa motere: pa magawo 100, ana 50, wamasiye 20, makolo a womwalira 20, ndipo ena amene ankadalira iye 10. Amene wasankhidwa kuyang'anira chuma cha masiye si mwini wake. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa, kulipira ngongole ndi kugawa.

Wina akafuna kulanda, kanenedwe ku polisi, ku ofesi ya Victim Support Unit. Ndipo pamene nonse muli moyo, funsani ku khonsolo kuti mayina a bambo ndi mayi alembedwe onse awiri papepala la nyumba.