Failover: mlowam'malo wosadikira kuitanidwa

Failover ndi mawu a akatswiri a makompyuta. Amatanthauza dongosolo lakuti makina akazima kapena kuwonongeka, ntchito yake isamukire yokha ku makina ena amene ali chire, popanda munthu kukhudza kanthu.

Mayi wa ku Mitundu kapena ku Nathenje akaimbira Chipatala Cha Pa Foni, ntchito yomwe inayambira ku Balaka mu 2011, amangomva mawu a wazaumoyo. Koma malo olandirira mafoni otere amadalira mapulogalamu angapo: olandira foni, osunga mbiri ya woimba, otumiza mauthenga.  Kusunga ndi kuyendetsa pulogalamu pa makina otchedwa seva, kaya ya muofesi momwemo kaya ya kutali, ndiye hosting. Sevayo ikazima popanda failover, ntchito imaima.

Failover imasiyana ndi backup. Backup imasunga zolembedwa kuti zisatayike, pomwe failover imathandiza kuti ntchito isaime. Failover imafuna seva yachiwiri. Sevayi izikhala kwina, ndi magetsi komanso intaneti yakeyake, ndipo iziyesedwa pafupipafupi. Maseva onse akadalira nthambo imodzi, amazimira limodzi.