Mau Akuti "Lagoon" ndi Madzi a ku Mpoto

Kum'mwera kwa Nyanja ya Cilwa, m'boma la Phalombe, kufupi ndi malire a Mozambique, kuli madzi amene pa mapu alembedwa "Mpoto Lagoon". Mtsinje wa Sombani uthira m'menemo usanafike kunyanja. Ana a sukulu afunsa kawirikawiri tanthauzo la mau aciwiriwo, pakuti sali a Cinyanja kapena a Cilomwe.

Mauwa kwao ndi ku Italy. Mzinda wa Venice unamangidwa pa tizisumbu, pakati pa madzi osazama amene mitumbira ya mcenga iwalekanitsa ndi nyanja yaikuru ya mcere. Eni ace amati madziwo "laguna", potengera mau a Cilatini akuti "lacuna", ndiko kunena dzenje kapena thamanda. Angerezi anabwereka mauwo m'zaka za m'ma 1600, ndipo amalinyero ao anawafalitsa m'maiko ambiri. Kuno anadza ndi Azungu olemba mapu, amene anatsata David Livingstone atafika pa Cilwa m'caka ca 1859.

Kodi mauwa ayenera malo athu? Pa kusazama kwa madzi ayeneradi, koma nyanja ya mcere iri kutali, ndiponso mau amodziwo sakwanira kufotokoza zonse zimene msodzi aziona. Makolo athu anasiyanitsa dziwe, pamene madzi azama ndi kukhalitsa. Thawale, limene lidzala m'dzinja ndi kuphwa m'cilimwe. Ndi dambo, pamene pamera udzu ndi mabango. Kusiyanitsaku sikunali kwacabe ai. Cilwa iribe mtsinje woturutsa madzi, ndipo mvula ikacepa zaka zotsatana imaphwa, monga inacitira mu 1968 ndi mu 1995. Pa nthawi zotere matemba, makumba ndi milamba zipulumukira m'maiwe a m'mitsinje, ndipo mbeu ya nsomba icokeranso komweko madzi akabwera. Munthu wodziwa kuti dziwe nciani adziwanso cifukwa cace mafumu aletsa kuthiramo mankhwala ophera nsomba.

Tisaiwale kuti kubwerekana kunacitika mbali zonse ziwiri. Mau athu akuti "dambo" analowa m'mabuku a akatswiri a za nthaka a ku Ulaya, ndipo awalemba monga momwe ife tinenera. Cifukwa cace aphunzitsi aphunzitse ana "lagoon" ndi mbiri yace, koma ayambe awafunsa maina amene agogo ao apatsa madzi omwewo.