Chimbale choyamba ndi mpamba: mbiri ya mabandi a magitala ku Britain

Sabata ino tiyeni tiwoloke nyanja, tipite ku Britain. Mwina munaonapo mawu oti "indie" pa YouTube n'kumaganiza kuti ndi mtundu wa nyimbo basi, za achinyamata atsitsi losapesa akuimba magitala. Koma poyamba mawuwa sankanena za kamvekedwe ka nyimbo ayi. Ankanena za geni: ndani watulutsa ndalama, ndani akugulitsa, ndipo phindu likugwera m'thumba mwa ndani. Ndi chidule cha "independent", kutanthauza woima payekha, wosadalira makampani akuluakulu ngati EMI kapena CBS. Ndiye mukamawerenga mbiriyi, chimbale choyamba cha bandi muchione ngati mpamba. Mpamba ukayenda bwino umakudzutsa, ukaugwira molakwa umakusiya ndi ngongole.

Tiyambire ku Manchester. Mu Disembala 1976, anyamata anayi a bandi ya Buzzcocks analowa mu studio n'kujambula nyimbo zinayi pa maola ochepa chabe. Panalibe kampani yowaitana. Ndalama, pafupifupi mapaundi 500, anachita kubwereka kwa abale ndi anzawo. Anatsegula kakampani kawokawo, New Hormones, ndipo mu Januwale 1977 anatulutsa kachimbale kotchedwa Spiral Scratch. Anayamba ndi makope 1,000, nkhawa yawo ili pa kubweza ngongole. Katundu anatha, anakapangitsanso wina, mpaka anagulitsa pafupifupi 16,000. Achinyamata a m'mizinda ina ataona zimenezi anazindikira kuti kodi kani n'zotheka kutulutsa chimbale popanda kukagwada kwa mabwana a ku London.

Koma inu mukudziwa, kukhala ndi katundu n'kwina, kumufikitsa kwa ogula n'kwinanso. Apa ndi pamene panalowera sitolo ya Rough Trade, imene Geoff Travis anatsegula kumadzulo kwa London mu 1976. Sitoloyi inkalandira tizimbale ta mabandi osadziwika, ndipo mu 1978 inayamba kutulutsa zimbale zake. Pangano lake linali losavuta: mukachotsa zimene mwawononga, phindu n'kugawana pakati ndi pakati. Mu 1979 inatulutsa Inflammable Material, chimbale choyamba cha Stiff Little Fingers a ku Belfast, ndipo chinafika pa nambala 14 pa mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri m'dzikomo. Kenaka Rough Trade inagwirizana ndi masitolo ena a m'madera osiyanasiyana, n'kupanga gulu logawa katundu lotchedwa The Cartel. Mutu umodzi susenza denga, eti? Pa wailesi napo panali John Peel wa BBC Radio 1, amene usiku ankaika nyimbo za mabandi oti sanamvekepo n'kale lomwe. Pofika 1980, makampani ang'onoang'onowa anali ndi mndandanda wawowawo wa nyimbo zogulidwa kwambiri.

Zaka zimenezi zinabala zimbale zoyamba zimene anthu akuzimverabe mpaka lero. Mu Juni 1979, kampani ya Factory ya Tony Wilson ku Manchester inatulutsa Unknown Pleasures cha Joy Division. Mu Febuluwale 1984, chimbale choyamba cha The Smiths, chotuluka ku Rough Trade, chinafika pa nambala 2. Mu 1986, nyuzipepala ya nyimbo ya NME inasonkhanitsa mabandi 22 pa kaseti imodzi yotchedwa C86. Kuchokera pamenepo mawu aja anayamba kusintha tanthauzo. Anthu akati "indie" ankanena za magitala olira mopepuka ngati tibelu, osatinso za mwini mpamba.

Mwina mukufunsa kuti n'chifukwa chiyani anthu amakonda kwambiri chimbale choyamba. Taganizani. Bandi imakhala yatha zaka ikuimba nyimbo zomwezo m'timabala ting'onoting'ono. Nyimbo yoti anthu sakuikonda imatayidwa, yabwino imatsala. Pofika mu studio, katundu amakhala wosankhidwa kale ndi makasitomala. Chachiwiri nacho amachipanga mothamanga, ali paulendo, kampani ili pakhosi. Komanso ndalama imene kampani imapereka posainirana si mphatso ayi. Ndi ngongole imene amaidula pa malonda, ndipo oimba salandira gawo lawo mpaka itatha.

Walira mvula walira matope. Onani The Stone Roses a ku Manchester. Chimbale chawo choyamba, cha mu Meyi 1989, chinawakweza kwambiri. Koma pangano limene anasaina ndi kampani ya Silvertone linawamanga manja. Nkhani inakafika kukhoti, ndipo ngakhale anapambana mu 1991, chimbale chachiwiri chinatuluka mu Disembala 1994, anthu atayamba kale kutsata mabandi ena. Makampani ang'onoang'ono aja nawonso anawaona matope. Mu 1991 nthambi yogawa katundu ya Rough Trade inagwa ili ndi ngongole kwa makampani amene ankaisungitsa zimbale zawo. Aliyense amene anaperekapo katundu pa ngongole kwa wopikula akudziwa ululu wake. Mu 1992 Factory inagwanso. Kampani ya London Records inafuna kuigula, koma zinadziwika kuti nyimbo zambiri sizinali za Factory, zinali za oimba eniake. Chilungamo chimene Wilson anachitira oimba ndi chomwecho chinasiya kampani yake ilibe choti n'kugulitsa.

Chaka chomwecho cha 1992, Alan McGee, mwini kampani ya Creation, anagulitsa pafupifupi theka la kampani yake kwa Sony kuti apume ku ngongole. Ndiye pamene Definitely Maybe, chimbale choyamba cha Oasis, chinatuluka mu Ogasiti 1994 n'kukhala pa nambala 1 sabata yoyamba yomwe, pachikuto panali dzina la kampani yaing'ono koma kumbuyo kunali ndalama za yaikulu. Dzina loti "indie" linatsala, koma mwini benchi anali atasintha.

Intaneti itabwera, njira ina inatseguka. Arctic Monkeys a ku Sheffield ankajambula nyimbo zawo pa ma CD n'kumagawa ulere kwa anthu obwera kudzawaonera. Anthuwo ndi amene anaziika pa intaneti n'kumagawana. Kwa ena zimenezi zikanaoneka ngati kutaya mpamba, koma kunali kulawitsa. Kampani zisanayambe kuwalimbirana, anthu anali akuimba kale mawu onse a nyimbo zawo. Anasankha Domino, kampani yoima payokha ya ku London imene inali itatulutsa kale chimbale choyamba cha Franz Ferdinand a ku Glasgow mu 2004. Mu Januwale 2006, chimbale chawo choyamba chinagulidwa makope oposa 360,000 m'sabata imodzi, zimene panthawiyo zinali zisanachitikepo ndi chimbale choyamba ku Britain.

Masiku ano mabandi atsopano akutulukabe, ndipo amayi ali patsogolo kuposa kale. Wet Leg, yotsogozedwa ndi Rhian Teasdale ndi Hester Chambers a ku Isle of Wight, inafika pa nambala 1 ndi chimbale chake choyamba mu Epulo 2022, nachonso cha ku Domino. Mu 2024, English Teacher a ku Leeds analandira mphoto ya Mercury ndi chimbale chawo choyamba, This Could Be Texas. Aliyense amawatcha "indie", komatu chimbalecho chinatuluka ku Island, imene ili pansi pa Universal, kampani yaikulu kuposa zonse pa malonda a nyimbo. Kujambula kwatsika mtengo, inde, koma nyimbo ikamvedwa pa intaneti woimba amalandira kachenje chabe, ndipo malo ang'onoang'ono oimbirako, kumene bandi imaphunzirira ntchito, ambiri akutsekedwa chifukwa cha lendi ndi kukwera kwa zinthu.

Ndiye anzanga, mukapeza mpata mverani Spiral Scratch, kenaka Unknown Pleasures, kenaka cha Wet Leg. Mverani magitalawo ndithu, koma musuzumirenso dzina la kampani limene lalembedwa pansi. Mudzifunse kuti anabwereka kwa ndani, anasaina chiyani, ndipo lero nyimbozo ndi za ndani. Ambiri pano mukulemba ndakatulo ndi nthano, ndipo tsiku lina mudzafuna kutulutsa buku lanu loyamba. Mafunso ake adzakhala omwewa. Musanagwire cholembera kuti musaine, werengani pepalalo mpaka mzere womaliza.

Tionanenso sabata yamawa.