Chotupa cha m'nsagwada za ana ndi mzere umene Burkitt anajambula pamapu a Nyasaland

Lero ndikufuna tikambeko mbiri ya matenda amodzi a ana, mbiri imene ili ndi jogalafe yambiri mkati mwake ndipo ikutikhudza ife a kuno ku Mzimba m'njira yodabwitsa.

Khansa yeniyeni ya mafupa a chigaza mwa ana ndi yosowa kwambiri padziko lonse. Mtundu wina umatchedwa Ewing sarcoma, potengera dzina la James Ewing, dokotala wa ku New York amene anaufotokoza mu 1921. Umakonda mafupa a miyendo ndi a m'chiuno, ndipo kumutu umafikako mwa apo ndi apo. Koma kuno kwathu mwana akatupa nsagwada kapena fupa lozungulira diso, mano nkuyamba kugwedera, madokotala amayamba akayikira khansa ina yotchedwa Burkitt lymphoma. Iyi siyambira m'fupa. Imayambira m'maselo oyera a m'magazi, kenaka nkumadya fupa la nsagwada kuchokera mkati. Kwa kholo kusiyanaku kulibe tanthauzo, poti chomwe likuona ndi nkhope ya mwana ikupotoka. Kwa dokotala ndi nkhani ya moyo ndi imfa, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana.

Denis Burkitt anali dokotala wa opaleshoni wochokera ku Enniskillen, kumpoto kwa Ireland. Anabadwa mu 1911, ndipo diso lake limodzi linaphulika ali mnyamata anzake akugendana miyala. Mu 1957, akugwira ntchito pachipatala cha Mulago ku Kampala, mnzake Hugh Trowell anamuitana kuti adzaone mnyamata wa zaka zisanu amene anatupa nsagwada zonse, m'mwamba ndi m'munsi, kumanja ndi kumanzere. Patangopita masabata ochepa anaona mwana wina wotero ku Jinja, amenenso anali ndi zotupa m'mimba. Anafufuza m'mabuku akale a chipatala ndipo mu 1958 analemba za ana 38. Poyamba ankaiyesa sarcoma. Anali Gregory O'Conor, katswiri woyeza minofu, amene anaonetsa kuti ndi lymphoma.

Apa ndi pamene nkhaniyi imandikomera ine monga mphunzitsi. Burkitt analibe labotale yapamwamba. Anasindikiza timapepala tokhala ndi zithunzi za ana otupa nkutumiza kuzipatala za boma ndi za mishoni m'Africa muno, kufunsa ngati anaonapo zotere. Mayankho akabwera ankabaya mapini pamapu. Kenaka mu Okutobala 1961 ananyamuka pagalimoto yakale ya Ford pamodzi ndi madokotala awiri a mishoni, Ted Williams ndi Cliff Nelson. Anayenda masabata 10, mamailosi pafupifupi 10,000, nkuyendera zipatala zoposa 50 mpaka kukafika ku Johannesburg. Nyasaland anadutsamo, ndipo zimene anapeza muno zinathandiza kumasula mwambi wonse.

Ana otupa anali ambiri m'mbali mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire, koma kumapiri kunali zii. Pafupi ndi equator matendawa ankatha munthu akakwera mafiti 5,000. Muno mu Nyasaland malire anatsika kufika pa mafiti pafupifupi 3,000, omwe ndi mamita ngati 900. Kummwera kwenikweni malirewo anatsikanso, matenda nkumapezeka m'zigwa ndi m'mphepete mwa nyanja yamchere basi. Inu amene ndinakuphunzitsani kuti kukwera phiri ndi kutalikira equator zonse zimaziziritsa, mwaliona kale yankho. Nkhani sinali kutalika kwa malo koma kutentha. Matendawa sankapezeka kumene kumazizira kutsika madigiri 15 kapena 16, ngakhalenso kumene mvula sifika mamilimita 500 pachaka. Kutentha ndi chinyezi, ndani amakonda zimenezi kuposa udzudzu?

Tsono tayang'anani pamene ife tili. Boma la Mzimba lili pamtunda wopitirira mamita 1,300. Embangweni, Edingeni, Jenda, konseku ndi pamwamba pa mzere wa Burkitt, pamene Nkhata Bay, kuseri kwa Viphya, ili pansi pake. Munthu atha kunena kuti ife sizitikhudza. Ine sindivomereza. Mzere uja unali chithunzi cha malungo a nthawi imeneyo, ndiponso cha ana okhawo amene anafika kuchipatala. Aliyense amene anaphunzitsapo kummwera kwa boma lino amadziwa mmene mabenchi amakhalira opanda anthu miyezi ya mvula ana akugona ndi malungo, makamaka kumadambo a South Rukuru. Komanso mabanja athu amayenda, ena amakulira kunyanja nkudzakhala kuno.

Udzudzu wokha sunali yankho lonse. Pa 22 Malichi 1961 Burkitt anakamba nkhani pachipatala cha Middlesex ku London, ndipo mwa omvera munali Anthony Epstein, amene anaganiza kuti payenera kukhala kachirombo. Anapangana kuti azimutumizira zidutswa za zotupa pandege kuchokera ku Kampala. Kwa zaka zoposa ziwiri sanapeze kanthu. Mu Disembala 1963 ndege ina inakatera ku Manchester chifukwa cha nkhungu, katundu uja nkuchedwa. Madzi a m'botolo anafika ali mbuu ngati aonongeka, koma Epstein atayang'ana anapeza kuti ndi maselo a chotupa amene anasomphoka nkumayandama ali amoyo. Anawamera, ndipo mu 1964 iye, Yvonne Barr ndi Bert Achong analengeza za kachirombo ka Epstein-Barr, koyamba kudziwika kuti kamakhudzana ndi khansa ya munthu. Kachiromboka pafupifupi tonsefe tili nako kuyambira ubwana. Vuto limabwera kakakumana ndi malungo obwerezabwereza, amene amafoola chitetezo cha mwana ndi kuchititsa maselo oyera aja kuswana mopitirira. Pakuswanapo chidutswa cha chromosome 8 chimatha kukamatirira pa chromosome 14, ndipo selo lotero silileka kugawikana.

Chotupachi chimatha kuwirikiza kukula kwake m'tsiku limodzi kapena awiri. Koma liwiro lomwelo ndi kufooka kwake, chifukwa mankhwala a khansa amakantha maselo ogawikana msanga. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 Burkitt anapempha mankhwala a methotrexate ndi cyclophosphamide kumakampani, ndipo ana ena zotupa zinkasungunuka atangolandira kamodzi kapena kawiri.

Gawo la Malawi pa nkhani ya chithandizo silitchulidwa mokwanira m'makalasi athu. Ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, Pulofesa Elizabeth Molyneux, amene anafika muno koyamba mu 1974 nkubweranso mu 1995, anakhazikitsa wodi ya ana a khansa. Pamodzi ndi Pulofesa Peter Hesseling wa ku Stellenbosch anayesa kupeza mlingo woyenera ana athu. Ku Ulaya amapereka mankhwala amphamvu zedi ndipo ana 9 mwa 10 amachira, koma kumeneko kuli magazi okwanira, mankhwala opha tizilombo ndi anamwino ambiri. Atayesa kukweza mlingo ku Blantyre, ana ambiri, omwe anafika kale ali onyentchera, anafa ndi mphamvu ya mankhwalawo. Choncho anabwerera pansi. Mu 2009 anafalitsa zotsatira za ndondomeko ya masiku 28, ya cyclophosphamide ndi methotrexate wobaya kumsana. Ana 48 mwa 100 alionse anali bwino patatha chaka, ndipo mankhwala a mwana mmodzi sanafike madola 50. Theka lokha, inde. Koma popanda mankhwala palibe amene amapulumuka. Ku Lilongwe malemu Dr Peter Kazembe nawo anatsatira ana amene analandira cyclophosphamide yekha, mpaka kumidzi kwawo, kuti adziwe amene anakhaladi ndi moyo.

Kwa ife chopinga chachikulu chakhala mtunda. Chithandizo cha chizungu kummwera kwa Mzimba chinayamba kale, Donald Fraser atasamutsa mishoni kuchoka ku Hora kupita ku Loudon, Embangweni, mu 1902, mkazi wake Dr Agnes Fraser nkumaona odwala. Chipatala chachikulu cha Mzuzu chinatsegulidwa mu 2000 ndi thandizo la Taiwan. Komabe mawodi a khansa ya ana anakulira ku Blantyre, makilomita opitirira 500 kuchokera kuno, ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene pulogalamu ya Global HOPE ya Texas Children's Hospital inayamba mu 2017. Mankhwala ndi aulere, koma gadiyani amasiya munda ndi ana ena kwa mwezi wathunthu kapena kuposa, kudera kumene Chitumbuka chake sichimveka bwino. Dr Trijn Israels atafunsa makolo ku Queens anapeza kuti ndalama yoyendera, chakudya ndi ntchito zotsala kumudzi ndizo zimachititsa ena kuthawa mankhwala asanathe. Chotupa chikaphwa pa jakisoni woyamba, agogo amati mwana wachira, tiyeni kwathu. Pakapita miyezi chimabwerera, ndipo ulendo uno chimavuta.

Kuchedwa kwina kumayambira pakhomo. Ena amayesa matsagwidi, ena dzino nkukalizulitsa, ena amathamangira kwa sing'anga poganiza kuti mwana amulodza. Matsagwidi amaphwa okha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Chotupa cha Burkitt chimangokulirakulira, kawirikawiri osapweteka poyamba, mano akugwedera, diso kutong'oka, mimba kufufuma, nthawi zina miyendo kufa mwadzidzidzi. Chimakonda ana a zaka zinayi mpaka zisanu ndi ziwiri, anyamata kuposa atsikana. Amenewa ndi a pulayimale ndi azing'ono a ophunzira athu, ndiye inu amene mumaphunzitsa Sitandade 1 ndi 2 mumatha kukhala oyamba kuona.

Kuti adziwe ngati ndi Burkitt kapena khansa yeniyeni ya fupa, amatenga timaselo ndi singano kapena kudula kachidutswa nkukayeza. Ikapezeka kuti ndi Ewing, ulendo umatalika: miyezi yambiri ya mankhwala, opaleshoni, ndi kuwotcha chotupa ndi makina a radiotherapy. Kwa zaka zambiri makinawa muno munalibe, odwala ankatumizidwa ku Tanzania, ku Zambia kapena ku India, ndipo opita anali ochepa. Oyamba anayamba ntchito mu 2024 ku Blantyre pachipatala chomwe si cha boma, ndipo a boma anatsegulidwa ku National Cancer Centre ku Lilongwe mu 2025.