Kulembetsa kubadwa kwa mwana m'boma la Ntcheu

Mwana akabadwa, ambiri a ife timasamala za kumutcha dzina ndi kumuchitira aqiqah pa tsiku lachisanu ndi chiwiri. Pali udindo wina womwe suyenera kuchedwa: kukalembetsa mwanayo m'kaundula wa boma kuti alandire chiphaso cha kubadwa. Izi zikukhudzanso abale athu ochokera ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota omwe akukhala ku Ntcheu pa ntchito kapena pa malonda.

Zomwe lamulo likunena

Lamulo la kalembera wa dziko linakhazikitsidwa mu 2010 ndipo linayamba kugwira ntchito pa 1 August 2015. Likulamula kuti mwana aliyense wobadwira m'Malawi alembetsedwe pasanathe masabata asanu ndi limodzi, omwe ndi masiku 42. Udindowu ndi wa bambo ndi mayi. Ntchitoyi imayendetsedwa ndi bungwe la National Registration Bureau, lomwe ambiri timangoliti NRB, ndipo ku Ntcheu ofesi yake ili ku khonsolo, pa boma.

Njira yolembetsera

Mwana akabadwira pa chipatala chachikulu cha Ntcheu kapena pa chipatala china cha m'bomali, tifunse fomu ya NR8 mayi asanatuluke. Ogwira ntchito pachipatala amathandiza kulemba fomuyo, ndipo imapita ku ofesi ya kalembera.

Akabadwira kunyumba kapena panjira, tidziwitse amfumu a m'mudzi kuti achitire umboni, kenako fomu ikaperekedwe ku ofesi ya kalembera ku khonsolo. Popita titenge ziphaso zaunzika za makolo ndi buku la kuchipatala la mayi ndi mwana. Tikadutsitsa masiku 42 kulembetsa kumathekabe, koma pamafunika umboni wochuluka ndiponso maulendo owonjezera.

Khadi la kusikelo si chiphaso cha kubadwa. Limaonetsa katemera ndi kakulidwe ka mwana basi.

Tisamale kalembedwe ka dzina

Maina athu ambiri amalembedwa mosiyanasiyana: Yusuf kapena Yusufu, Aisha kapena Ayisha, Muhammad kapena Mohamed. Banja ligwirizane kalembedwe kamodzi, ndipo tiwerenge fomu bwinobwino tisanasaine. Dzina lomwe lalowa m'kaundula ndi lomwe liyenera kupita kusukulu, kumadrasa, pa mayeso a MANEB, pa chiphaso chaunzika mwana akakwanitsa zaka 16, ndi pa pasipoti ya ulendo wa Hajj kapena maphunziro akunja. Chilembo chimodzi chosiyana chimatha kuimitsa zinthu mpaka chikonzedwe.

Ubwino wake

Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino likupereka kwa mwana aliyense ufulu wokhala ndi dzina komanso unzika. Ntcheu ili m'malire ndi Mozambique, ndipo ku Lizulu, Biriwiri ndi Tsangano mabanja amakhala mbali zonse ziwiri. M'madera otere, chiphaso ndi umboni wa komwe mwana anabadwira ndi makolo ake.

Chimatsimikiziranso zaka zake. Kuyambira mu 2017, malamulo aakulu salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo chiphaso chimathetsa mkangano wina akafuna kukwatitsa mtsikana wamng'ono. Makolo akamwalira, chimathandiza mwana wamasiye pa nkhani ya chuma chosiyidwa.

Tikachilandira, tichisunge pamalo osafika madzi ndi chiswe, ndipo kusukulu tizipereka kope yojambulitsa.