Safi Faye: mayi amene anaika mawu a alimi pa kanema

Safi Faye (1943–2023) anali mayi wa ku Senegal amene anayamba ndi kusewera m'filimu, kenako n'kukhala wotsogolera ndi wokonza mafilimu akeake. Amakumbukiridwa kwambiri chifukwa chojambula moyo wa alimi a kumudzi.

Anabadwira ku Dakar pa 22 Novembala 1943, m'banja la mtundu wa Serer lochokera m'mudzi wa Fad'jal. Ntchito yake yoyamba inali ya uphunzitsi. Mu 1966 anakumana ndi Jean Rouch, wojambula mafilimu wa ku France, amene anamupatsa gawo m'filimu yotchedwa Petit à petit. Pambuyo pake anapita ku Paris, komwe anaphunzira za miyambo ya anthu ndi luso lojambula mafilimu. Filimu yake yoyamba, yaifupi, inali La Passante ya mu 1972, ndipo iye mwini anasewera momwemo.

Dzina lake linamveka ndi Kaddu Beykat ya mu 1975, kutanthauza mawu a mlimi m'chilankhulo cha Wolof. Anaijambula kumudzi kwawo, ndipo osewera anali anthu a m'mudzimo. Ikusimba za Ngor ndi Coumba, amene akufuna kukwatirana koma zikukanika chifukwa chilala chawononga mbewu. Ngor akupita ku Dakar kukasaka ganyu, kumene akumana ndi mabwana omudyera masuku pamutu. Kumudzi, akuluakulu amakhala pansi pa mtengo n'kumadandaula za kudalira mtedza wokha ngati mbewu yogulitsa, ulimi umene unakhazikika m'nthawi ya atsamunda n'kusiya alimi m'ngongole. Boma la Senegal linailetsa filimuyi, koma kunja inalandira mphotho, kuphatikizapo ku Berlin. Imadziwika ngati filimu yaitali yoyamba ya mayi wa kumwera kwa chipululu cha Sahara kufika m'nyumba zoonetsera kanema.

Fad'jal ya mu 1979 inasonyeza mbiri ya mudziwo ndi nkhani ya malo olima. Selbé ikusimba za mayi amene akulera yekha ana, mwamuna ali kutauni kofuna ntchito. Mossane ya mu 1996 ikunena za mtsikana amene makolo akumukakamiza kukwatiwa ndi mwamuna wokhala ku France, pomwe mtima wake uli pa wina. Fad'jal ndi Mossane zinaonetsedwa pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes.

Safi Faye anamwalira ku Paris pa 22 Febuluwale 2023, ali ndi zaka 79.