Ng'anjo za m'nkhalango ya Kasungu

Alendo ambiri opita ku paki ya Kasungu amathera ulendo wawo pa damu la Lifupa. Amakhala pansi madzulo kumvetsera mvuu zikulira, kudikira njovu kuti zitsikire kumadzi, kukacha n'kupakira zikwama. Njovuzo inenso ndimazikonda. Koma ndikapita kumeneko ndimapempha mlonda wa nyama kuti anditengere mkati, kudutsa madambo ndi mitengo ya mombo ndi masuku, kukaona ng'anjo zimene makolo athu ankasungunuliramo chitsulo.

Imene ndinaima nayo pafupi inali yaitali kuposa ine, yowumbidwa ndi dothi la pachulu, yofiira ndi moto wakalekale, yong'aluka mbali imodzi. M'tsinde mwake munali ziboo zolowera mpweya. Pansi ponse panali zinyalala zakuda za chitsulo, zolemera m'manja kuposa mwala wamba. Kashembe anandiluma pakhosi ndili chiweramire, ndipo mlonda uja, mfuti ili paphewa, anati: "Bwana, amene wakulumaniyo ndi amene anathamangitsa eni ng'anjoyi."

Sananame. Dera lonseli, lalikulu masikweya kilomita oposa 2,300 mpaka kumalire ndi Zambia, linali midzi ya Achewa. Ankalima, ankasaka, ankafula uchi, ankakumba miyala ya chitsulo m'mbali mwa madambo. Ntchito ya ng'anjo inali yolemetsa. Amuna ankayamba ndi kugwetsa mitengo n'kuotcha makala, kenako kusanjikiza makala ndi miyala ija m'ng'anjo, moto n'kumayaka usana ndi usiku. Inali ndi miyambo yake: osungunulawo ankasala akazi awo, ndipo mayi sankaloledwa kuyandikira pamalopo. Chotuluka mmenemo chinkapita kuchipala, kumene osula ankachisandutsa makasu, nkhwangwa ndi mikondo. Khasu silinali lolimira lokha. Unkatha kugula nalo mbuzi kapena kulipira nalo mlandu. Nthawi ya nkhondo za Angoni anthu ena anamanga malinga, ndipo zizindikiro za midzi yotchingidwayo zikadalipo m'pakimo, pamodzi ndi zojambula pamiyala zimene ndi zakale kuposa ng'anjo zomwe.

Azungu atagonjetsa mfumu Mwase Kasungu kumapeto kwa 1895, anamanga boma lawo n'kulitcha Fort Alston. Kenako panabwera matenda a kaodzera, ofalitsidwa ndi kashembe, ndipo boma la atsamunda linasamutsa anthu. Mu 1922 malowa anakhala nkhalango yotetezedwa, mu 1930 malo osungira nyama, mu 1970 paki. Zaka zitatuzi ndi zosavuta kuloweza, koma kuseri kwake kuli mabanja amene anasiya nkhokwe, mitengo yawo ndi manda a agogo awo, osadzaloledwanso kubwerera. Makasu a m'sitolo nawo anali atayamba kufika, ng'anjo n'kuzima zonse.

Nyama zinatenga malo. Panali nthawi imene Kasungu ndiye anali kwawo kwa njovu m'Malawi muno, zoposa chikwi, ndipo zipembere zinalipo. Opha nyama mozemba anazipulula chifukwa cha minyanga. Chipembere chinatheratu, njovu n'kutsala makumi ochepa chabe. Mu Julayi 2022 njovu 263 anazinyamula pa malole kuchokera ku Liwonde kukazitula ku Kasungu. Ndinasangalala nditamva, ndipo sindibisa. Koma mpanda sunali utazungulira ponse, ndipo posakhalitsa njovu zinayamba kulowa m'minda mbali zonse ziwiri za malire, kuphwasula nkhokwe, anthu ena n'kufa. Ena mwa anthu a m'mphepetemo ndi zidzukulu za osamutsidwa aja. Amagona m'zisakasa kumunda, akuimba zitini ndi kuyatsa moto usiku wonse kuti chimanga chifike pokolola.

Ndicho chifukwa chake zimandiwawa wina akamati Kasungu ndi tchire limene munthu sanapondemo. Ndikufuna njovu zichuluke, njati ndi mphalapala zomwe. Ndikufunanso kuti njira zopita ku ng'anjo zizilambulidwa, kuti ana a sukulu a kwa Chulu ndi kwa Lukwa azitengedwa kukaziona, ndiponso kuti wofotokozera alendo mbiri yake akhale munthu wa m'midzi yomweyo, wolipidwa bwino. Ng'anjo ndi dothi, ndipo dzinja lililonse mvula imagumulako pang'ono.